Udzu wa pa Nyika si nkhalango imene inatha

Munthu amene wakwera mapiri a Nyika m'mwezi wa Januwale kapena Febuluwale, atalowera pa chipata cha Thazima n'kutsata msewu wa ku Chelinda, amafika pamalo pamene misuku ndi miombo imalekeza, ndipo kutsogolo kwake kumangooneka zitunda za udzu zotsatizana mpaka kumene maso angafike. Alendo ambiri akafika pamenepa amayamba kuponya maso kutali, kufunafuna mbidzi, nchefu ndi chilembwe, ndipo nyamazo amazionadi chifukwa palibe chozibisa. Koma chuma chachikulu cha malo amenewa chili m'munsi mwa mawondo a munthu. Kuti uchione uyenera kutsika m'galimoto, kuyenda pang'onopang'ono ndi wokuperekeza, ndi kulola kuti mame akunyowetse miyendo, pakuti m'kati mwa udzu umene ukuoneka wobiriwira chabe ukakhala patali muli maluwa ofiira, oyera, achikasu ndi amtambo, ena aatali ofika m'chiuno, ena aang'ono moti chala chimodzi chikhoza kuwaphimba.

Nyika inakhazikitsidwa kukhala paki mu 1965, ndipo malire ake anakuzidwa mu 1978 mpaka kupitirira masikweya kilomita 3,000, zimene zinaichititsa kukhala paki yaikulu kuposa ina iliyonse m'Malawi. Imakhudza maboma a Rumphi, Karonga ndi Chitipa, ndipo kachigawo kena ka mapiriwa kali m'dziko la Zambia. Mbali yaikulu ya pamwamba pake ili pamtunda wa mamita oposa 2,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo nsonga ya Nganda imadutsa mamita 2,600. Kutalika kumeneku ndiko kumalamulira zonse zimene zimamera kumeneko. Akatswiri a zomera ochokera m'mayiko a kum'mwera kwa Afirika, amene anachita kafukufuku wamkulu pa Nyika mu 2000 n'kufalitsa zotsatira zake mu 2005, anasonkhanitsa mayina a mitundu ya zomera yoposa 1,800, ndipo mwa imeneyi yoposa 30 sipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Maluwa a orchid okha, banja la zomera limene zina mwa izo zimabala timbatata todyedwa ta chinaka, alipo mitundu pafupifupi 200. Chimene chimandikhudza pa ziwerengero zimenezi n'chakuti mitundu yambiri yosowa kwina ija si ya m'nkhalango ayi, ndi ya mu udzu momwemo, malo amene ambiri a ife tinaphunzitsidwa kuwaona ngati opanda kanthu.

Chaka cha maluwa pa Nyika sichiyamba ndi mvula monga momwe munthu wa kumunsi angaganizire. Chimayamba ndi chisanu ndi moto. M'miyezi ya Juni ndi Julayi usiku kumazizira mpaka mame amauma n'kuyera mbuu m'zigwa, udzu umafota n'kusanduka wotuwa, ndipo pa zitunda pamatsala makamaka maluwa a Helichrysum, aja ouma okhakhala, achikasu ndi oyera, amene sataya maonekedwe ake ngakhale atathyoledwa. Ndi nyengo yomweyi imene ogwira ntchito m'paki amatentha udzu m'zigawozigawo, udzuwo usanaumitsitse, kuti moto ukhale wofatsa komanso kuti malo opsawo adzatchinge moto wolusa wa m'chilimwe. Munthu woona lupsa lakuda bii pa nthawi imeneyi amamva chisoni, ndipo n'zomveka. Komabe pakangopita masabata owerengeka, dontho la mvula lisanagwe, pa phulusa pomwepo pamayamba kutuluka timaluwa, tambiri tilibe ndi masamba omwe, tongotukula duwa kuchokera m'nthaka youma ya Seputembala ndi Okutobala.

Funso limene linandivutitsa kwa nthawi yaitali ndi lakuti zomera zimenezi madzi ndi chakudya zimazitenga kuti, popeza padutsa miyezi yambiri kumwamba kusanagwe kanthu. Yankho lake lili pansi pa nthaka. Zomera zambiri za m'udzu wa kumapiri zili ndi nkhokwe yokwiririka: zina zili ndi timbatata, zina anyezi, zina mizu yonenepa, ndipo zina ndi mitengo ndithu imene thunthu lake lonse lili m'nthaka, pamwamba n'kumangotulutsa timphukira tatifupi chaka ndi chaka. Zimadzaza nkhokweyo m'nyengo ya dzinja, zimalola kuti chisanu ndi moto zitenge zonse zimene zili pamtunda, kenako zimatapa zimene zinasunga kuti zichite maluwa pa nthawi imene udzu sunakule n'kuzibisa. Pa nthawi imeneyo dzuwa limafika pansi popanda chotchinga, njuchi ndi agulugufe amaliona duwa ali patali, ndipo njere zimakhwima mvula yoyamba ili pafupi kugwa. Chomera chooneka chaching'ono chonchi chikhoza kukhala ndi zaka zambiri kuposa munthu amene waima pambali pake. Mpangidwe woterewu subwera m'zaka mazana awiri kapena atatu, ndipo ukusonyeza kuti zomera zimenezi zakhala ndi moto kwa nthawi yaitali kwambiri.

Mvula ikakhazikika mu Disembala, zinthu zimasintha msanga. Maluwa a Dierama amalendewera pa timapesi tatitali towonda timene timagwedezeka ndi kamphepo kalikonse. A Gladiolus amatuluka m'mbali mwa misewu ndi pa zitunda. A Kniphofia, ofiira kumwamba ndi achikasu kumunsi, amakonda malo onyowa, ndipo m'madambo ozizira muli Lobelia wamkulu amene mphukira yake ya maluwa imaposa msinkhu wa munthu. M'mphepete mwa miyala, momwe madzi amangonyenya osauma, muli timbewu ta Drosera timene timakola tizilombo ndi ulimbo wa pa masamba ake, chifukwa nthaka ya m'malo amenewo ilibe chakudya chokwanira. Ndiyeno mu Januwale ndi Febuluwale ma orchid a m'nthaka amafika pachimake: a Disa ofiira ndi apinki, a Satyrium, a Habenaria obiriwira motuwa amene munthu amatha kuwadutsa osawazindikira. Pa zonsezi ine ndimakonda madambo kuposa zitunda, ngakhale kuti ndi kumene nsapato zimamira, chifukwa pa malo ongokwana kuyalapo mphasa ungathe kuwerengapo mitundu ingapo yosiyana, uliwonse uli ndi gawo lake la chinyontho, wina m'madzi mwenimweni, wina pamtunda pang'ono.

Duwa lililonse mwa amenewa lili ndi mlendo amene limamuyembekezera. Chitsanzo chimene chinafufuzidwa pa Nyika pomwepo ndi cha Delphinium leroyi, duwa loyera limene kumbuyo kwake kuli kachubu katali kosungiramo timadzi totsekemera. Katswiri wa ku South Africa, Steven Johnson, anafalitsa mu 2001 zimene anapeza, kuti duwali limanyamulidwa mungu ndi agulugufe a usiku amilomo yaitali, amene amabwera kukamachita mdima potsata fungo lake. Mbale wake, Delphinium dasycaulon, ndi wamtambo, kachubu kake n'kakafupi, ndipo amachezeredwa ndi njuchi masana. Zomera ziwiri za mtundu woyandikana zikukhala pa phiri limodzi, koma zinagawana nthawi ndi alendo. Mbalame za choso nazo zimadalira maluwa a Protea, a Kniphofia ndi a Aloe, ndipo zikamalowetsa mlomo kumwa timadzi zimachoka ndi mungu pamphumi. Ukachotsa duwa, wachotsa chakudya cha gulugufe ndi mbalame. Ukachotsa gulugufe, duwa lidzaphuka koma silidzabala njere, ndipo kutha kwake kudzachedwa kuoneka popeza chomera chakale chidzapitiriza kutuluka zaka zingapo popanda cholowa m'malo mwake.

Ma orchid ali ndi vuto lina lapadera. Njere zake ndi zazing'ono kwambiri ndipo zilibe chakudya chothandiza kuti zimere, choncho njere iliyonse imayenera kugwera pamene pali timitsitsi ta bowa wa mtundu woyenera, amene amaidyetsa kufikira itatulutsa tsamba. Pa njere zikwizikwi zimene chomera chimodzi chimamwaza, zochepa zedi ndi zimene zimakula. N'chifukwa chake dambo la ma orchid silingabzalidwe monga momwe timabzalira nazale ya mitengo. Ukalilima kapena kuliumitsa, umaononga mgwirizano wa nthaka, bowa, madzi ndi tizilombo umene palibe amene akudziwa kuubwezeretsa wonse.

Nyama zikuluzikulu zimatsatira kalendala yomweyi. Chilembwe, nchefu, mphoyo ndi mbidzi zimathamangira msipu wanthete wa pa lupsa, ndipo kukazizira kwambiri zina zimatsikira kumunsi. Pa mitundu ya mbalame yoposa 400 imene inalembedwa m'pakiyi, imene imafotokoza bwino kufunika kwa udzuwu ndi namzeze wamtambo wamchira wautali, amene amabwera mvula ikayandikira, kuikira mazira m'maenje ndi m'mapanga a pansi pa udzu wa kumapiri, kenako n'kubwerera kumadera ozungulira nyanja ya Victoria dzinja likatha. Mbalame imeneyi ili m'gulu la zimene zikuchepa pa dziko lonse, ndipo chifukwa chachikulu n'chakuti m'mayiko ena udzu wa kumapiri unasandutsidwa minda ya mitengo ya matabwa. Nyika ndi amodzi mwa malo ofunika kwambiri kumene idakaswanabe.

Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi zimene tinazolowera. Kwa nthawi yaitali akatswiri ambiri ankakhulupirira kuti Nyika yonse inali nkhalango, kuti anthu anaitentha ndi kuidula posula zitsulo ndi posaka nyama, ndipo kuti timankhalango tobiriwira timene tili m'makwawa, monga Chowo ndi Zovo Chipolo, ndi zotsalira za nkhalango yaikulu imene inatha. N'zoona kuti anthu akhala pa Nyika kuyambira kalekale. Phanga la Fingira linasunga mafupa ndi zida zamiyala za anthu a zaka zikwi zapitazo, ndipo ng'anjo zakale zosungunulira chitsulo zidakalipo. Koma katswiri wina, Michael Meadows, atakumba matope a m'madambo a pa Nyika n'kupima mungu wakale umene unasungika m'menemo, anafalitsa mu 1984 kuti udzu ndiwo unali wochuluka pamwamba pa mapiriwa kwa zaka pafupifupi 12,000 zapitazi, anthu osula zitsulo asanafike n'komwe. Umboni wa mungu ukugwirizana ndi umboni wa zomera zomwe, chifukwa malo amene angosanduka udzu posachedwa sangakhale ndi mitundu yakeyake yosapezeka kwina.

Kusamvetsa mfundo imeneyi kwatitayitsa zambiri. M'zaka za m'ma 1950 pa Chelinda panabzalidwa paini wa Pinus patula poyesa ngati kungatheke kupanga mapepala, ntchito imene sinapitirire. Mitengoyo inatsala, ndipo njere zake zakhala zikuuluka n'kumera m'udzu wozungulira, moti pamafunika anthu ozula ndi kudula chaka ndi chaka. Aliyense amene analowapo pansi pa paini wothithikana akudziwa kuti pansi pake pamangokhala masamba ake ouma, popanda duwa, popanda udzu. Pa mapiri a Viphya zomwezi zinachitika pamlingo waukulu, pamene mahekitala pafupifupi 53,000 a ku Chikangawa anadzazidwa ndi mitengo yobwera, gawo lalikulu pa malo amene kale anali udzu wa kumapiri. Timadandaula, ndipo n'koyenera, kuti nkhalango ya Chikangawa yaonongeka, koma sindinamvepo anthu ambiri akufunsa za zimene zinali pamalopo paini asanabwere. Kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo dziko lonse limakhala pa kalikiliki wobzala mitengo, ndipo m'mapiri odulidwa a Ndirande, Soche ndi Dzalanyama ntchito imeneyi ndi yofunika kwambiri. Chimene ndimaopa ndi chizolowezi choganiza kuti paliponse popanda mtengo ndi podwala. Pa Nyika, munthu wobwera ndi mbande za paini kapena bulugamu ndi mtima wabwino akhoza kuononga zimene moto wa zaka zikwi sunaononge.

Paini si yekha amene akulanda malo a udzu. Mtundu wina wa zipatso zaminga wochokera ku Asia, Rubus ellipticus, ukufalikira m'mbali mwa nkhalango mothandizidwa ndi mbalame zimene zimadya zipatso zake. Chomera cha bracken, chamasamba ooneka ngati nthenga, chimene ndi chachilengedwe kumeneko, chatenga malo aakulu pa zitunda zina, ndipo chikamera mothithikana chimaphimba udzu ndi maluwa, pomwe nyama sizichidya kwenikweni. Mizu yake imayenda pansi mozama moti moto suifikira, ndipo imaphukanso msanga malo akapsa.

Sindikunena kuti moto uliwonse ndi wabwino. Moto wa mu Okutobala, woyatsidwa ndi opha nyama mozembera pamene udzu wauma kotheratu ndipo mphepo ikuomba, umalowa m'timankhalango ta m'makwawa n'kupha mitengo imene singaphukenso. Kankhalango ka mitengo ya Juniperus procera kamene kanayamba kutetezedwa mu 1948, paki isanakhazikitsidwe, kamadalira mizere yotchinga moto kuti kakhalepo. Komanso dambo likauma n'kugwira moto, nthaka yake yakuda ija, imene ndi zomera zowola za zaka zikwi zambiri, ikhoza kunyeka pansipansi. Choncho nkhani si yosankha pakati pa kutentha ndi kusatentha. Nkhani ndi ya mwezi wotenthera, kukula kwa chigawo, ndi zaka zimene malo ayenera kupuma asanatenthedwenso, ndipo zimenezi zimafuna anthu odziwa malowo, ndalama zolipira ogwira ntchito pa nthawi yake, ndi kaundula wa zimene zinamera pamalo aliwonse pambuyo pa moto.

Amene sanafikeko ku Nyika nawonso amamwa za udzu umenewu. Madambo a pamwamba amamwa mvula ndi nkhungu n'kumatulutsa madzi pang'onopang'ono chaka chonse, ndipo ndi kumene kumachokera mitsinje ya North Rukuru, North Rumphi, Chelinda, Runyina ndi Wovwe, umene umapukusa makina a magetsi ndi kuthirira minda ya mpunga ku Karonga. Kafukufuku wa zaka zambiri ku South Africa anasonyeza kuti paini akabzalidwa pa malo a udzu wa kumapiri, madzi a m'mitsinje amachepa, chifukwa mitengo imamwa chaka chonse pomwe udzu umagona m'nyengo yozizira.

Chiopsezo chimene chimandipweteka kwambiri, ndipo chimene sindichipezera yankho lapafupi, ndi cha chinaka, chimene ena amati chikande, ndipo ku Zambia amati chikanda. Timbatata ta ma orchid a Disa, Satyrium, Habenaria ndi Brachycorythis timasinjidwa, kusakanizidwa ndi nsinjiro ndi chidulo, n'kuphikidwa mpaka kulimba. Ndi chakudya chakale, ndipo pamene chinkadyedwa pakhomo pokha madambo ankapirira. Zinthu zinasintha chitasanduka malonda a m'mizinda ya ku Zambia. Orchid wa m'nthaka amadya mbatata yakale pamene akukula n'kupanga ina yatsopano ya chaka chamawa, ndipo yatsopanoyo, yolimba, ndi imene wokumba amafuna, choncho mbatata imodzi m'thumba ndi chomera chimodzi chimene sichidzatulukanso. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2003 anayerekezera kuti timbatata pakati pa 2.2 miliyoni ndi 4.1 miliyoni tinkawoloka chaka chilichonse kuchoka kumapiri a kum'mwera kwa Tanzania kulowa m'Zambia. Boma la Tanzania linayankha pokhazikitsa paki ya Kitulo mu 2005, paki imene cholinga chake chachikulu ndi kuteteza maluwa. Nyika ili pamalire penipeni ndi Zambia, ndipo okumba amalowamo. Malamulo alipo, popeza ma orchid onse ali pansi pa pangano la CITES loyang'anira malonda a zachilengedwe pakati pa mayiko, koma thumba la timbatata silichititsa mantha pa chipata monga mnyanga wa njovu.

Sindingathe kulankhula za okumbawo ngati kuti ndi adani. Ambiri ndi amayi ndi ana a m'mabanja osowa, amene amayenda mtunda wautali m'chisanu kuti apeze ya sopo ndi fizi. Ndipo ena mwa mabanja ozungulira pakiyi ndi omwe aja anasamutsidwa mu 1978 malire atakuzidwa, anthu zikwi zingapo, ambiri a iwo Aphoka, amene anasiya minda, manda a makolo awo ndi malo opembedzera monga nyanja ya Kaulime. Munthu amene agogo ake anachotsedwa pa phiri kuti nyama zikhale sungamuuze za kukongola kwa duwa n'kuyembekezera kuti amve, ngati sakuona chimene duwalo likumubweretsera. N'chifukwa chake ndimaona kuti chilolezo chopachika ming'oma ya njuchi m'kati mwa paki, chimene magulu a alimi a njuchi akhala nacho kwa zaka zambiri, chili ndi nzeru kuposa momwe chimaonekera. Mlimi wa njuchi amapindula maluwa akachuluka, amataya moto wolusa ukadutsa, ndipo amayenda m'malo amene agemu sangafikemo tsiku lililonse.

Mu 2015 Malawi ndi Zambia anasaina pangano losamalira limodzi malo otetezedwa a m'malire, mu 2017 njovu 34 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Nyika, ndipo mu 2023 boma linagwirizana ndi bungwe la Peace Parks Foundation kuti ayendetse limodzi Nyika ndi Vwaza kwa zaka 20. Ndikufunira mgwirizanowu zabwino zonse. Chimene ndikupempha n'chakuti pofotokoza zimene akwaniritsa asamangotiuza chiwerengero cha njovu, mbidzi ndi alendo ogona pa Chelinda. Atiuzenso mahekitala amene azulamo paini, kumene bracken walekeza, madambo amene akumbidwa ndi amene apuma, ndiponso ngati mitundu yoposa 30 ija idakapezekabe pamalo pamene inalembedwa mu 2000. Ntchito yowerengayi ikhoza kugwiridwa ndi akatswiri a National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba pamodzi ndi ophunzira a ku Mzuzu University ndi achinyamata a m'midzi yozungulira, koma iyenera kuchitika mu Januwale ndi Febuluwale, pamene msewu wochokera ku Rumphi uli matope okhaokha ndipo galimoto zambiri sizikwera, chifukwa orchid wa m'nthaka sadziwika mtundu wake ngati alibe duwa.